KUCHOKERA KU BUSA KUFIKA PA MPANDO WAUFUMU: ZIMENE MFUMU DAVIDE AKUTIPHUNZITSA



Pa chikondwerero chonga chino anthu amayembekeza kumva mbiri ya nyumba ya Mulungu: amene adaumba njerwa, amene adasenza mitengo ya denga, amene adayamba kuphunzitsa katekisimu pansi pa mtengo. Zimenezo ena anena kale. Ine andipempha kuti ndikambe za mfumu Davide, ndipo ndasankha kukamba za ulendo wake wochokera ku busa kufikira pa mpando waufumu. Funso limene ndikufuna kuti tiliganizire pamodzi ndi ili: Mulungu adadzoza Davide akali mnyamata, nanga chifukwa chiyani adamlekerera zaka zambiri akugona m'mapanga ngati mbira, asanampatse ufumu umene adamsankhira?

Zimene tikukambazi zidachitika zaka ngati 1000 Ambuye Yesu asanabadwe, ndipo zidalembedwa m'mabuku aŵiri a Samuele. Padali ena amene ankayesa kuti Davide ndi munthu wa m'nthano chabe. Koma m'chaka cha 1993 akatswiri ofukula zakale adapeza mwala ku Tel Dan, kumpoto kwa dziko la Israele, ndipo pamwalapo mfumu ina ya adani idazokota mau otchula banja la Davide. Tsono tikukamba za munthu amene dzina lake lidasungidwa ngakhale ndi adani ake.

Masiku amenewo Aisraele adali mafuko 12 opanda mfumu. Afilisti, amene ankakhala m'mbali mwa nyanja, ndiwo ankadziŵa kusula chitsulo, kotero kuti Mwisraele akafuna kunoletsa khasu kapena nkhwangwa, ankapita kwa mdani wake yemweyo, nalipira. Anthu atatopa ndi manyazi ameneŵa adapita kwa mneneri Samuele kukapempha mfumu. Samuele adaŵachenjeza kuti mfumu idzatenga ana ao kukhala asilikali ndi antchito, idzatenganso minda yao yabwino. Iwo adaumirirabe, paja akulu adati walira mvula walira matope. Motero adalandira Saulo, mwana wa Kisi, wa fuko la Benjamini, munthu wokongola ndi wamtali kupambana anzake onse.

Saulo adayamba bwino, ndipo adali wodzichepetsa, mwakuti pa tsiku lomuonetsa kwa anthu adakabisala pakati pa akatundu. Chimene chidamgwetsa tichisunge bwino, chifukwa ndicho mfungulo ya nkhani yonseyi. Ali ku Giligala, nkhondo ili pafupi, adauzidwa kuti adikire Samuele masiku 7 kuti adzapereke nsembe. Ataona kuti asilikali ayamba kumthaŵa ndipo mneneri sakuoneka, adapereka yekha nsembeyo. Atangotsiriza, Samuele adatulukira. Saulo adadikira masiku onse aja, nalephera pa kamphindi kotsiriza. Adaopa kutaya anthu koposa kuopa Mulungu, ndipo kuyambira pamenepo ufumu udayamba kumpulumuka m'manja.

Pambuyo pake Mulungu adatuma Samuele ku Betelehemu, ku nyumba ya Yese, atanyamula nyanga yodzaza ndi mafuta. Yese adaimika ana ake 7 pamaso pa mneneri. Samuele ataona Eliyabu, mwana wachisamba, adakopeka ndi msinkhu wake, koma Mulungu adamletsa, pakuti chimene Iye amapima mwa munthu chili m'kati, kumene maso athu safika. Makolo athu adaidziŵa nzeru yomweyi pamene ankati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ana onse aja atapita, mneneri adafunsa ngati padatsala wina. Apo mpamene bambo adakumbukira mzime wake, amene adali kutchire ndi nkhosa. Taonani, abale anga: ngakhale bambo wake womubala sadamuŵerengere pa tsiku lalikulu lija. Koma ndiye amene mafuta adamtsikira pamutu, abale ake akupenya.

Tsono chidatsatira nchiyani? Ng'oma sizidalire, nthungululu sizidamveke. Samuele adabwerera kwao ku Rama, ndipo Davide adapitiriza kuŵeta nkhosa za bambo wake. Ife amene tidaŵetapo mbuzi m'mapiri a ku Zóbuè tikudziŵa kuti ku busa kulibe wokuwombera m'manja. Mbuzi ikasoŵa, mlandu ndi wako. Zikabwera zonse madzulo, palibe wothokoza. Kumeneko nkumene Davide adaphunzira kuponya mwala ndi nkhulungo, kulimbana ndi mkango ndi chimbalangondo, kuimba zeze ndi kupemphera ali yekha. Pamene adaima pamaso pa Goliyati m'chigwa cha Ela, chimphona chimene chidanyoza Aisraele masiku 40, sadabwere ndi luso lachilendo. Zovala zankhondo za Saulo adaziyesa nazivula, chifukwa sadazizoloŵere. Adatola miyala 5 yosalala mu mtsinje, nagwiritsa ntchito chimene adaphunzira pamene panalibe womuona.

Nafenso tidadzozedwa. Pa Ubatizo ndi pa Sakramenti la Kulimbitsa adatidzoza ndi mafuta oyera a Krisma amene Ambuye Episkopi amadalitsa m'Sabata Loyera. Koma m'maŵa mwake tidabwerera ku munda, ku mtondo, ku msika, ku mgodi wa malasha. Munthu asayese kuti mafutawo adapita pachabe chifukwa moyo wake sudasinthe maonekedwe. Mulungu amadzoza msanga, koma amakhazika pa mpando mochedwa, ndipo nthaŵi ya pakatiyo ndiyo sukulu yake.

Atapha Goliyati, Davide adaloŵa m'gulu la asilikali a Saulo, napambana kulikonse kumene ankamtuma. Akazi a m'mizinda adayamba kumtamanda koposa mfumu, ndipo nsanje idaloŵa mumtima mwa Saulo. Adamponyera mkondo Davide ali kumuimbira zeze. Adatuma anthu kukazinga nyumba yake usiku, koma Mikala, mkazi wa Davide amenenso adali mwana wa Saulo, adamtsitsira pa zenera. Yonatani, mwana wa mfumu, amene ndiye akadaloŵa ufumu, adasankha njira ina: adavula mkanjo wake, nampatsa Davide pamodzi ndi lupanga ndi uta. M'nyumba imodzi mudapezeka bambo wokakamira mpando ndi mwana wokonzeka kuupereka. Nsanje ya Saulo idakula kufikira adaphetsa ansembe 85 a ku Nobu, chifukwa chakuti mmodzi mwa iwo, Ahimeleki, adapatsa Davide buledi pamene ankathaŵa.

Pali mau ang'onoang'ono m'nkhaniyi amene ambiri amaŵadumpha, koma ife a kuno sitingaŵadumphe. Davide ataona kuti zinthu zavuta, adatenga bambo ndi mai ake okalamba, naŵaolotsa malire kupita nawo ku Mowabu, kukapempha mfumu ya kumeneko kuti iŵasunge. Ndani mwa akuluakulu amene ali pano amene sakuzindikira ulendo umenewo? M'zaka za nkhondo ya pachiŵeniŵeni, makamaka kuyambira cha m'ma 1986, mabanja ambirimbiri adaoloka ku Zóbuè kupita ku Mwanza ndi m'maboma ena a Malaŵi, agogo ali kumbuyo, mphika uli pamutu. Anthu a dziko lathu amene adathaŵira ku Malaŵi adafika pafupifupi miliyoni imodzi. Pa mseu wochokera ku Tete kudzera ku Moatize kufika ku malire, magalimoto ankayenda mondondozana, asilikali akuŵaperekeza. Mfumu yodzozedwa ya Israele idalaŵa uthaŵi womwewo, ndipo pambuyo pake idakhala chaka ndi miyezi 4 m'dziko la Afilisti, m'mudzi wa Zikilagi umene idachita kupempha.

Ku phanga la Adulamu kudamsonkhanira anthu ngati 400. Malembo sabisa kuti adali anthu otani: ozunzika, angongole, ndi okwiya ndi moyo. Amenewo ndiwo adali maziko a ufumu wa Davide. Adaŵaphunzitsa mwambo, naŵasandutsa gulu limodzi. Tsiku lina, atalanditsa katundu amene adani adafunkha ku Zikilagi, ena mwa amene adamenya nkhondo adakana kugaŵira anzao 200 amene adatsalira pa mtsinje wa Besori chifukwa cha kutopa. Davide adalamula kuti wotsala kulonda katundu alandire chimodzimodzi ndi wopita ku nkhondo. Ufumu adauphunzirira m'tchire, pa anthu ovuta, asanavale chisoti.

Eklezia wa m'dziko lathu nayenso adapita ku Adulamu. M'chaka cha 1971 Ansembe Oyera, amene adayambitsa seminale ya ku Zóbuè, adachoka m'Mozambique muno pokana kuti Eklezia akhale chete pa nkhanza za boma la atsamunda. Titalandira ufulu pa 25 June 1975, boma latsopano lidatenga masukulu ndi zipatala za mishoni, ndipo amishoni ambiri adachoka. M'chaka cha 1977 msonkhano waukulu wa Eklezia udachitikira ku Beira, ndipo udagwirizana kuti moyo wa mpingo ukhale m'magulu ang'onoang'ono, akhristu eni ake akugaŵana ntchito: wina kutsogolera mapemphero a Lamulungu, wina kuphunzitsa katekisimu, wina kuyendera odwala, wina kuika maliro. Nkhondo itafika, midzi yambiri idakhala zaka osaona wansembe. Pa 30 October 1985 ansembe aŵiri a chipani cha Ayezuiti, Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Moreira, adaphedwa ku Chapotera, kufupi ndi Lifidzi ku Angónia. Amene adasunga chikhulupiriro m'zaka zimenezo adali anthu wamba, ena odziŵa kuŵerenga movutikira, amai osunga korona m'nsonga ya chitenje. Maina ao ambiri sadalembedwe paliponse, monga Yese adaiŵala mzime wake. Koma popanda iwo sitikadasonkhana pano lero.

Tsopano ndafika pa mtima wa nkhani yanga. Saulo adatenga asilikali 3000 kukasaka Davide m'chipululu cha Engedi. Adaloŵa yekha m'phanga lina kukadzithandiza, osadziŵa kuti Davide ndi anthu ake abisala m'kati mwa phanga lomwelo. Anthu aja adanong'oneza mtsogoleri wao kuti tsiku la Mulungu lafika. Tiyeni tinene zoona: mwa nzeru za anthu iwo sadalakwe. Saulo adali atakanidwa kale ndi Mulungu, adali ndi magazi a ansembe m'manja, ndipo Davide adali atadzozedwa kale. Kubaya kamodzi kokha kukadathetsa zaka za njala ndi mantha. Davide adakwaŵa mwakachetechete, nadulako kansonga ka mkanjo wa mfumu, ndipo ngakhale pa chimenecho mtima udamtsutsa. Adaletsa anthu ake, popeza Saulo, ngakhale adali woipa, adali atadzozedwa ndi mafuta a Mulungu, ndipo kumchotsa sidali ntchito ya Davide.

Mwai womwewo udabweranso pa phiri la Hakila. Usiku Davide ndi Abisai adaloŵa m'zithando za Saulo, nampeza ali m'tulo, mkondo uli chizikire pansi kumutu kwake. Abisai adapempha kuti ambaye kamodzi kokha. Davide adakana, natenga mkondo ndi mtsuko wa madzi basi, ndipo pambuyo pake adabweza mkondowo. Saulo adalephera kudikira kamphindi ku Giligala. Davide adadikira zaka, mdani ali m'manja mwake kaŵiri konse. Kuona maso a nkhono nkudekha. Iye adamvetsa kuti mpando wotengedwa ndi magazi umasungidwanso ndi magazi, ndipo mfumu imene yapha mfumu inzake yaphunzitsa anyamata ake njira yodzaiphera iyo.

Musayese kuti kudekha kumeneku adabadwa nako. Pakati pa zochitika ziŵirizi pali nkhani ya Nabala, munthu wachuma amene adanyoza anthu a Davide naŵamana chakudya. Davide adapsa mtima, namanga lupanga, nanyamuka ndi anthu 400 kuti akaphe mwamuna aliyense wa pamudzipo. Amene adamtchinga pa njira adali mai, Abigaile, mkazi wa Nabala, amene adasenzetsa abulu mitanda ya buledi 200 ndi zakudya zina, nakamuuza kuti akadzakhala mfumu asadzakhale ndi chikumbumtima cha magazi okhetsedwa pachabe. Davide adamvera, nathokoza Mulungu amene adamtumizira maiyo. Amai amene muli pano, ndi amuna angati ndi ana angati amene mudaŵabweza pa njira yotere? Ndipo inu abambo, kodi mumamvera monga adamvera Davide?

Phunziro limeneli dziko lathu lidaligula ndi mtengo wapatali. Mwa anyamata amene adaphunzira pa seminale ya ku Zóbuè padali mmodzi wochokera ku Sofala, dzina lake Jaime Gonçalves. Ali pa benchi ya sukulu palibe akadalota ntchito imene Mulungu adamsungira. Adadzozedwa unsembe mu 1967, nakhala episkopi mu 1976, ndipo monga Arkiepiskopi wa ku Beira adali mmodzi mwa ankhoswe pa zokambirana za mtendere zimene zidayamba ku Roma mu 1990, ku nyumba ya gulu la Sant'Egidio. Zokambiranazo zidatenga zaka zoposa ziŵiri, anthu kuno akufabe, ambiri akunena kuti kukambirana nkutaya nthaŵi. Koma pa 4 October 1992 a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama adasaina pangano la mtendere. Pambuyo pake padatsala ntchito ina imene sidasainidwe ku Roma. Othaŵa atabwerera, ena adapeza kuti amene adaŵaotchera nyumba akukhala tsidya la dambo, akutunga pa chitsime chimodzi. Mkondo udali pafupi, usiku udali wakuda, ndipo a Abisai onong'oneza sadasoŵe. Akhristu ambiri a m'midzi yathu adasiya mkondowo pansi, napita kukalandira Ukaristia pa mzere umodzi ndi munthuyo. Ana athu ayenera kuuzidwa kuti mtendere umene akuyendamo udamangidwa ndi anthu otere.

Saulo adafera pa phiri la Gilibowa pamodzi ndi ana ake atatu, Yonatani ali pomwepo. Davide atamva sadavine. Adang'amba zovala zake, nalira maliro a mdani wake ngati a bambo. Ngakhale pamenepo sadathamangire mpando. Adayamba wapempha nzeru kwa Mulungu, napita ku Hebroni, kumene fuko la Yuda lokha lidamdzoza. Adali ndi zaka 30. Adalamulira kumeneko zaka 7 ndi miyezi 6, kufikira akuluakulu a mafuko onse adabwera okha kudzampempha, namdzoza kachitatu. Atatero adalanda Yerusalemu, mzinda umene sudali wa fuko lililonse la Israele, nausandutsa likulu, nabweretsamo Bokosi la Chipangano. Adalamulira kumeneko zaka 33. Ndipo adafunafuna wotsala wa banja la Saulo, napeza Mefiboseti, mwana wa Yonatani, wopunduka miyendo yonse iŵiri, nambwezera minda ya agogo ake, namuika kuti azidya pa tebulo la mfumu.

Ndikadakonda kulekera pamenepa, koma ndikadakhala mboni yonama. Munthu amene adakana kupha mdani wake m'phanga, ali pa mpando adaphetsa Uriya, msilikali wake wokhulupirika, kuti abise chigololo chimene adachita ndi Bateseba mkazi wake. Njala ndi uthaŵi sizidamgwetse. Chidamgwetsa ndi kukhuta. Mneneri Natani adamfotokozera fanizo la munthu wachuma amene adalanda kankhosa kamodzi kokha ka mmphaŵi, ndipo mfumu itakwiya ndi munthuyo, mneneri adailoza chala. Apa ndipo pali kusiyana kotsiriza pakati pa mafumu aŵiriŵa. Saulo atadzudzulidwa adakankhira mlandu pa anthu ake, napempha kuti amlemekezebe pamaso pa akuluakulu. Davide adavomera tchimo lake popanda kuŵiringula. Adakhululukidwa, ngakhale kuti mavuto sadachoke m'banja lake.

Chenjezo limeneli ndi la ife a lero. Zaka za phanga zidapita. Kuyambira 2011 malasha a ku Moatize akhala akutuluka ochuluka pa njanji kupita ku madoko, ndalama zayenda, ndipo mabanja ena adasamutsidwa m'minda ya makolo ao kupita ku Cateme. Pamene pali chuma pamakhalanso kankhosa ka mmphaŵi. Mkhristu amene ali ndi udindo ku ofesi, ku mgodi, pa chipata cha malire kapena pa bwalo la milandu adzifunse ngati m'khola mwake mulibe nkhosa ya mwini. Ndipo Eklezia asaleke kukhala Natani chifukwa choopa kutaya mphatso za olemera.

Ndili ndi mau aŵiri otsiriza, ndipo ndiŵanena mosapsatira chifukwa tili pa banja. Oyamba ndi a ife akuluakulu. Ena tidatsogolera mpingo m'zaka zoŵaŵa, ndipo Mulungu akudziŵa. Koma mpando wa mkulu wa mpingo, wa katekisti, wa mtsogoleri wa kwaya kapena wosunga chuma si munda wa makolo athu. Tikamva anthu akuyamika mnyamata kapena mtsikana amene akuchita bwino kutiposa, tiyang'ane chimene chili m'dzanja lathu: kodi ndi mkondo wa Saulo kapena mkanjo wa Yonatani? Magulu angati adagaŵikana chifukwa mkulu adakana kutula udindo nthaŵi yake itakwana?

Achiŵiri ndi a inu achinyamata. Mwina mukuona zolakwa za akuluakulu, ndipo mwina mukunena zoona. Davide nayenso sadakhale chete: adatuluka m'phanga, naonetsa kansalu kaja, nauza Saulo kulakwa kwake pamaso pa anthu, koma adayamba wamgwadira. Nenani zoona poyera ndi mwaulemu. Peŵani mkondo wa usiku, umene masiku ano ndi miseche, makalata opanda dzina, ndi mauthenga oipitsa mbiri ya munthu oyenda pa mafoni. Udindo umene mungaupeze pogwetsa mnzanu mudzausunga ndi mantha. Ŵetani mokhulupirika nkhosa zimene muli nazo lero, kaya ndi kalasi ya ana a katekisimu, kaya ndi kusesa m'tchalitchi. Mulungu amene adadziŵa kumene kudali mzime wa Yese akudziŵanso kumene muli inu.

M'banja la Davide, m'mudzi womwewo wa Betelehemu, mudabadwa Ambuye athu Yesu, amene dzina lake loti Khristu litanthauza Wodzozedwa. Iye adakhala zaka ngati 30 ku Nazarete osadziŵika, adakana ufumu wachidule umene Satana adamuonetsa m'chipululu, ndipo m'munda wa Getsemani adauza Petro kuti abweze lupanga m'chimake. Tipemphe Amai Maria, amene timapita kukaŵalemekeza ku malo oyera a ku Zóbuè, kuti atipempherere kwa Mwana wao, kuti mpingo uno ukhale ndi akulu odziŵa kutula, achinyamata odziŵa kudikira, ndi akhristu odziŵa kulapa.